Eriyo Yoloza Kumalire

"Tatsikani, bambo, tilankhulane pansi pano. Khosi langa latopa."

Mlongoti anasuzumira pansi ali padenga la shopu yake, sipanala ili kumanja. Womuitanayo anali woyendera wa ku ofesi ya boma yopereka malaisensi a mawailesi, munthu wamfupi wa chikwama chakuda, ataima padzuwa ngati wabwera kudzalanda mbuzi. Mlongoti anaika sipanala m'thumba n'kutsika pa makwerero.

Dzina limeneli anthu anamupatsa chifukwa cha chitsulo chachitali chimene anaimika padengapo. Pansonga pake panali eriyo, ndipo eriyoyo ndi imene inkaliza mapeja, tizipangizo tam'thumba timene madokotala, azamba ndi madalaivala a ambulansi ankayenda nato. Chipatala chikafuna munthu chinkaimbira Mlongoti, iye n'kutumiza uthenga, kapeja n'kulira kuti piii! Mafoni a m'manja m'tauni ya m'malire imeneyi sanali oti n'kudalira. Lero agwira netiweki ya kuno, mawa ya kutsidya, mkuja zii.

Woyenderayo anakhala pa mpando umodzi wokhawo wa m'shopumo, napukuta thukuta.

"Mafunde a eriyo yanu akuoloka malire," anatero. "Kutsidyako, pa mafunde omwewo pamalankhulana oyendetsa sitima. Munthu akufunsa ngati njanji ili bwino, m'malo mwa yankho akumva piii piii zanuzi. Iwo adandaula ku boma lawo, boma lawo ladandaula ku boma lathu, lathu latuma ine."

"Nanga mphepo ili ndi pasipoti, bwana?"

"Ilibe. Koma inu muli ndi laisensi, ndipo laisensi imalandidwa."

Choti achite chinali chimodzi basi: atembenuze eriyo ifulatire malire, achepetsenso mphamvu yake. Woyenderayo anati abweranso madzulo kudzaika chidindo cha mtovu pa bawuti, kuti eriyoyo isadzatembenukenso yokha.

"Bwanji mungondipatsa mafunde ena?"

"Aa, mafunde a m'malire sapereka boma limodzi. Mpaka maiko awiri akhale pansi agwirizane."

"Akhala liti?"

"Amayenera kukhala chaka chatha," anatero woyenderayo, n'kuseka yekha. "Musandiyang'ane choncho, achimwene. Ine ndine mthenga chabe."

Mlongoti sanaseke nawo. Nyumba yake inali kumunsi kwa tauni, cha kumtsinje, mbali ya kumalire yomweyo. Ndiye mkazi wake anali mzamba wa pachipatalapo. Lamulo la chipatala analidziwa bwino chifukwa ndi iye ankawagulitsa mapejawo: mzamba amene peja yake silira kwawo azikhala m'nyumba za pachipatala. Nyumba zakezo zinali zipinda zogona anamwino awiriawiri, zosalola mwamuna, zosalola mwana. Chipatalacho chinali kutali, kuseri kwa phiri. Ha, zinthu zake! Munthu n'kudzimangira yekha msampha, n'kukwera pamwamba kukaukhwimitsa ndi sipanala.

Masana anapalasa njinga kupita kunyumba. Anapeza mkazi wake akuyanika yunifolomu, mwana wawo wamng'ono atamugwira chitenje, peja ili pazenera pomwe inkakhala masiku onse. Anamufotokozera zonse ataimirira, osatsamira n'komwe njinga kukhoma.

Mkaziyo anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anakamula siketi ina n'kuiyanika.

"Ndiye mwaganiza bwanji, bambo ake mwana?"

"Chidindo ndi mtovu chabe. Akachoka ndikwera, ndiipotozako pang'ono. Pang'ono pokha, kuti ifike pakhomo pano."

"Pakhomo pano ndi panjanji yawo pali mtunda wanji? Si uko ikuoneka uko?"

"Sangadziwe msanga."

"Anadziwa bwanji poyamba? Inu, sitima ija imanyamula anthu. Ine ndizithandiza mwana mmodzi kubadwa kuno, kutsidya anthu akugundana chifukwa cha piii wanga? Ndiye akakulandani laisensi, azamba onse aja aziitanidwa ndi chiyani, mluzu?"

"Basi siyani ntchitoyo," anatero Mlongoti, mawu atakwera. Atangotero anachita manyazi, chifukwa ankadziwa mmene mkaziyo anavutikira kuti aipeze.

"Ndisiye? Azamba tilipo angati?"

"Kapena tisamuke."

"Kupita kuti? Kumtunda kuja nyumba zake mukuzidziwa, n'za anthu a magalimoto. Ino tinamanga tokha." Anamuyang'ana, maso atafiira. "Mukufuna laisensi, mukufunanso ine pakhomo. Mapanga awiri avumbwitsa, bambo."

Mlongoti anakhala pakhonde, mutu uli m'manja. Anakwiyira boma la kuno, anakwiyira la kutsidya, anakwiyira sitima, koma onsewo panalibe woti n'kumugwira malaya. Chinkamuwawa kwambiri n'choti mkaziyo sankalakwitsa.

"Mwina ifika," anatero mkaziyo chapansipansi. "Mukatembenuza munditumizire uthenga woyesera. Ndikhala nayo m'manja."

Madzulo Mlongoti anakwera padenga. Anamasula mabawuti, nazunguliza eriyo mpaka inafulatira mtsinje. Woyenderayo anakwera movutikira, akudandaula za mawondo, n'kufinya chidindo chake ndi pulayazi.

"Mwachita bwino. Kwa ena timachita kubwera ndi apolisi."

Atachoka, Mlongoti anatumiza uthenga woyesera kwa onse. Dokotala anaimba kuti yalira. Dalaivala wa ambulansi anaimba kuti yalira, n'kufunsa ngati kwabuka moto. Mlongoti anatumizanso wina, wa mkazi wake yekha, kenako wina. Anadikira, foni ili duu patebulo. Anatseka shopu n'kupalasa chotsetsereka osagwira mabuleki.

Chikwama anachiona asanatsike njinga. Chinali pakhonde, chomangamanga, nsapato zoyera zili pamwamba.

"Sinalire?"

"Sinalire."

Mkaziyo anamasula mwana kumsana n'kumupatsira bambo ake.

"Mankhwala a chifuwa ali pamwamba pa kabati. Usiku amavula bulangete, muzimufunditsa. Lamlungu ndikapeza wondigwirira, ndibwera."

Anasenza chikwama n'kuyamba kukwera mtunda osacheuka. Mwana anatambasula manja n'kuyamba kulira, ndipo Mlongoti anayesa kumubereka, koma chitenje sanadziwe kuchimanga kwake.