Phunziro Lotsatira Litseguka Lolemba

1.

Chitseko cha kuchipinda kwa amayi chinayamba kukana kutsekeka mu Januwale. Ababa anachizula, nachipala ndi puleni, nachibwezera. Patapita masabata awiri chinakananso. Anachipalanso.

Matabwa a masiku ano, anatero, amangomwa madzi.

2.

Ine ndine Eluby, mwana wawo wotsiriza. Ndimaphunzitsa jogalafe pa sekondale ina kutsidya kwa tawuni, ndipo ndikuchita digiri yachiwiri ya kasamalidwe ka zachilengedwe pa intaneti. Yunivesite yake sindinaipondepo, ili kudziko lomwe ndimangoliona pa mapu. Aphunzitsi anga ndi mayi wina wa magalasi amene amakhala mu laputopu. Ndimawaimitsa, ndimawabweza m'mbuyo, iwo amabwereza zomwezo osakwiya. Anzanga kuntchito anayamba kale kunditchula a Pulofesa, ndipo kunena zoona ndimayankha.

Maphunziro alipo khumi ndi awiri, anawandandalika pamzere. Lomwe tafikapo limatseguka. Otsalawo ali ndi kachithunzi ka loko, ungadine mpaka chala kutupa, ng'o. Bandulo yanga singanyamule mavidiyo, choncho ndimaonera kusukulu pa nthawi ya buleki, m'chipinda cha makompyuta momwe muli intaneti yaulere.

Phunziro lotsatira litseguka Lolemba.

3.

Phunziro lachisanu ndi chimodzi. Zizindikiro zoti phiri layamba kusuntha:

zitseko ndi mawindo zokana kutsekeka
ming'alu yatsopano pakhoma
mitengo ndi mapolo a magetsi opendekeka
madzi otumphuka pamene kale panali pouma
mipanda yochoka pamzere wake

Ndinaimitsa vidiyo. Mayi wa magalasi anauma ali kukamwa yasa.

Chitseko.

4.

Loweruka ndinakwera phiri la Chitumba, kwathu. Nyumba yathu ili kumtunda kwenikweni, pafupi ndi pomwe nyumba zimathera. Ababa anaimanga okha ine ndisanabadwe. Sindinalowe n'komwe kukapereka moni, ndinangoyamba kuizungulira ndi foni m'manja.

Kuseri kwa khitchini kunali mng'alu, chala changa chinalowa chonse. Mtengo wa mapeyala unali utawerama kuloza kutawuni. Pafupi ndi chimbudzi madzi ofiira ankatuluka pansi, pamalo pomwe tinkasewera fulaye pali pouma gwa.

Iwe Eluby, ababa anaitana ali pakhonde, wayamba ntchito yojambula?

Ababa, mng'alu uwu unayamba liti?

Nyumba iliyonse imang'aluka. Ona nkhope yangayi.

Nanga madziwa?

Ndi dzinja lino, mwana iwe. Umafuna pansi patuluke fumbi?

Ababa, phirili likuyenda.

Anaseka mpaka kutsokomola. Nangozo, anakuwira amayi, tamva izi, akuti phiri lamera miyendo!

Amayi sanaseke. Chiwagwireni sitiroko chaka chatha, mwendo ndi dzanja lamanzere sizigwira bwino, ndipo kuchoka pampando kukafika pakhomo ndi ulendo. Ndinayang'ana mwendowo, ndinayang'ana phiri pamwamba pa denga. Ndinaopa, abale.

5.

Ababa akuyankhula.

Ine ndine Jailosi Mankhwazi, mmisiri womanga nyumba. Matchalitchi awiri ndamanga ndi manja awa, sitolo zosawerengeka, palibe khoma langa linagwapo. Pokumba maziko a nyumba iyi piki inalira, ndinafika pathanthwe. Mwanayu ndimamunyadira, sindibisa. Koma taonani, mayi wa m'kabokosi uja Chitumba analiponda liti? Amadziwa kuti mphepo yake imachokera kuti? Ine ndakalamba pano, ana anayi ndalerera pano. Ati ndisamuke. Ndisamukire kuti, ndikakhale mlendo kwa mwana wanga wamkazi, ndizipempha chilolezo chokhomera msomali?

Komabe chitseko chija chikundidabwitsa. Ndapala kawiri, ndipo thabwa lake si lonyowa.

6.

Ukuphunzitsa Fomu 3 za mitsinje choko chili m'manja koma maso ali pawindo chifukwa mitambo yasonkhana mbali ya Chitumba ndipo ukuwerengera mumtima masitepe a amayi kuchoka pampando kufika pakhomo khumi ndi anayi kuchoka pakhomo kufika pamsewu sukudziwa mwina zana mwina mazana awiri ndi ndodo pamatope ababa atawagwira mkono ndipo mayi wa magalasi anati phiri likaganiza zotsika silichenjeza limathamanga kuposa galimoto ndiye ukubwerezanso kuwerengera ngati kuti masamu asintha ngati kuti khumi ndi anayi akhala atatu mtsikana wapatsogolo akufunsa madamu mwatani madamu choko chathyoka iwe ukuti lembani zomwe zili pabolodi koma pabolodi sunalembe kanthu

7.

Sabata yotsatira loko sanachoke, inali sabata ya asayimenti. Asayimenti inati: sankhani nyumba imodzi ya pamalo otsetsereka, fotokozani chiopsezo chake. Ndinatumiza zithunzi zonse. Nyumba yomwe ndinabadwiramo ndinaitchula Nyumba A. Ababa ndi amayi ndinawatchula okhalamo awiri, mmodzi wovutika kuyenda.

Ndinakhoza bwino, 84. Pansi pake aphunzitsi analemba kuti ntchito yabwino kwambiri, kodi eni nyumbayi adziwitsidwa?

Panali kabokosi koyankhira. Ndikanatha kulemba kuti ndi makolo anga, ndiwapititse kuti? Sindinalembe. Pulofesa amafunsa? Ndinangoyang'ana 84 uja, mantha ndi kunyada zitagwirana manja mumtima mwanga, ndipo ndinatseka laputopu.

Safunsa anadya phula.

Phunziro lotsatira litseguka Lolemba.

8.

Lachitatu ndinakweranso, ndili ndi laputopu. Ababa anakana kuyang'ana.

Za m'kabokosi n'zako, anatero.

Ndiye ndinalowa kuchipinda chosungira zida zawo ndi kutenga levulo yawo yoyezera kupendekeka, ija yachikasu yomwe sitinkaloledwa kuigwira tili ana. Ndinaiika pansi pabalaza, pa simenti yomwe iwo amati ungathire madzi sadziwa kolowera.

Ababa, bwerani muone nokha.

Anagwada pang'onopang'ono, mawondo akulira. Kathovu ka mu levulo kanali katathawira kumapeto. Anaitembenuza. Kanathawanso. Anaipukuta ndi malaya, naiika pakona ina, naiikanso pakhomo la kuchipinda. Kenako anangokhala pansi pomwepo, levulo ili pamiyendo.

Amayi ndiwo anayankhula, ndi lilime lawo lolemera lija.

Bambo ake Eluby, tiyeni.

9.

Zomwe tinatsitsa pa kalole Lachinayi:

bedi
mpando wa amayi
wailesi
matumba awiri a chimanga
Baibulo ndi mankhwala
levulo
nkhuku zitatu zomangidwa miyendo

Aneba anaima m'makonde. Wina anakuwa kuti a Mankhwazi, mukafike bwino ku Joni! Ena anaseka. Ndinawauza onse za ming'alu, nyumba ndi nyumba, mpaka mawu anasasa. Ena anamva, ambiri anati sukulu ikachuluka imasokoneza mutu.

Ndinawatengera kwanga. Nyumba yomwe ndimachita lendi ili patsinde pa phiri lomwelo, pamalo osalala bwino, pomwe kamtsinje kochokera kumtunda kamatulukira m'chigwa. Pabwalo pali chimwala chachikulu kuposa minibasi, ndimayanikapo zovala. Ababa atatsika pa kalole anaima, nayang'ana mwalawo, nayang'ana kamtsinje, nakweza maso kutsata chigwa mpaka kumtunda.

Pafupi ndi mtsinje chonchi? anafunsa. Paja napolo akamatsika...

Ababa, chonde. Za napolo ndi nthano. Chogumuka ndi potsetsereka, pano ndi posalala. Ndinawerenga.

Levulo inali itawachititsa manyazi dzulo lake, sanafune kutsutsanso.

Chabwino, anatero. Ophunzira ndinu.

10.

Mvula inayamba Lachisanu. Wailesi inati kukubwera namondwe.

Loweruka, mvula.

Lamulungu, mvula.

Ine ndinali ndi mtendere, ndisaname. Ndinkaphikira amayi phala, ndinkayang'ana phiri litabisala mumtambo, ndikudziuza kuti Eluby, wachita chamuna. Ndinawapulumutsa. Kamtsinje kanafufuma, kankabangula usana wonse, moti poyankhula tinkachita kukuwa.

Lolemba m'mawa ndinavala jombo. Kusukulu kunali mayeso, sindikanajomba.

Ababa, musatuluke. Zivute zitani, khalani m'nyumba. Mwamva?

Tamva, a Pulofesa.

Musawatulutse amayi pamatopepa.

Tamva, mwana iwe. Pita.

11.

Buleki. Chipinda cha makompyuta. Loko wachoka.

Phunziro lachisanu ndi chiwiri. Mayi wa magalasi akumwetulira. M'phunziro lapitalo, akutero, tinaona pomwe phiri limagumukira. Lero tione komwe limapita.

Komwe limapita.

Matope ndi miyala sizitsika paliponse, akutero. Zimatsata zigwa ndi timitsinje, zimasonkhana, zimathamanga, ndipo zimakakhuthukira patsinde pa phiri pomwe chigwa chimatseguka. Malo amenewo amakhala osalala, anthu amakonda kumangapo. Ndi osalala chifukwa phiri linakhuthulapo kale, mwina zaka zana zapitazo. Mukaona miyala ikuluikulu ili yokhayokha pamalo otere, dzifunseni kuti inabwera bwanji.

Pomwe ndimayanika zovala.

Nthawi zambiri, akutero, anthu ambiri amafera m'munsi kuposa kumtunda.

Sindinaimitse vidiyo. Mayo ine, sabata imodzi yokha, loko wa sabata imodzi! Mndandanda unabwera pa sikirini. Zizindikiro zoti matope ali m'njira:

madzi a mumtsinje kuda mwadzidzidzi
phokoso la mitengo yothyoka kumtunda
kugunda ngati kwa sitima
mtsinje kuphwa mvula ikugwabe

Chomalizachi ndiye choopsa koposa, akutero mayi uja modekha. Ndiye kuti kumtunda nthaka yagwa kale n'kutseka chigwa, madzi akuunjikana kuseri kwake. Pamatsala mphindi zochepa.

12.

Foni ikuitana. Ikuitana. Ikuitana.

Halo?

Ababa!

Ee, a Pulofesa. Tili m'nyumba, sitinatuluke, usatikalipire. Amayi ako akumwa tiyi.

Ababa, ndikukumvani bwino kwambiri. Bwanji ndikukumvani bwino chonchi?

Ndiye nkhani yabwino imeneyo. Mtsinje wako uja watopa. Wangoti zii posachedwa pompa, madzi atsika, miyala ikuoneka. Mvula ikugwabe koma zikuoneka kuti zatha.

Ababa, tulukani. Tulukani pompano. Nyamulani amayi.

Iwe, si iwe unati...

Ndinalakwitsa! Ndinakuikani panjira pake penipeni, ababa, napolo uja mumanena. Chokani kumtsinjeko, kwerani m'mbali, siyani zonse!

Ndikumva mvula padenga la nyumba yanga, ndikumva supuni ikugunda kapu. Kenako mpando ukukhwekhwerezeka, ababa akupuma mwamphamvu. Nangozo, dzuka, ndigwire khosi. Amayi akufunsa za nsapato. Zisiye, akutero ababa, zisiye. Chitseko chikutseguka. Ine ndaima pakati pa makompyuta ndikuwerenga masitepe mokweza ngati wamisala, ana a sukulu akusuzumira pawindo.

Tatuluka, akutero ababa. Tsopano tilowere kuti? Kumanja kuli njira ya kuchigayo, ndi yaifupi koma imadutsa pamlatho. Kumanzere ndi kwa tchalitchi, ndi kokwera, ndi kutali kwa amayi akowa. Nena msanga, ndiwe wodziwa.

Ndikuyang'ana laputopu. Mayi wa magalasi akuthokoza chifukwa chomvetsera.

Eluby! Kumanja kapena kumanzere?

13.

Sindikudziwa, ababa.

Sindinawauzepo mawu amenewo chiyambireni sukuluyi. Anatuluka aang'ono, a mwana wa zaka zisanu.

Sindikudziwa. Phirilo mumalidziwa ndinu.

Kumbuyo kwa mpweya wawo ndinamva kena kake, kutali, kolemera, kosalekeza.

Chabwino, mwana wanga, anatero ababa, ndipo mawu awo anali odekha ngati akuyeza khoma. Usalire. Dula foni, ndikufuna manja onse awiri.