Dzina la Dyna pa Sikirini

Mkazi wanga Dyna anamwalira mu Julayi. Munda wake wa mtedza ndinaupereka kwa mwana wathu Millicent.

Ndine mlembi wa kalabu ya alimi kwathu ku Mavwere. Mayina athu onse ali mu kompyuta. Amene dzina lake mulibe salandira mbewu, ndipo mbewu inali kubwera Lachisanu.

Lolemba ndinafufuta dzina la Dyna pa fomu, ndinalemba la Millicent, n'kudina batani losungira. Koma mndandanda wa m'munsi mwa fomu unkaonetsabe Dyna. Ndinabwereza kasanu ndi kawiri. Osasintha.

"Mayi akukana kuchoka," anatero a Aleck, wapampando wathu. "Nanga ali moyo anakugonjeranipo liti?"



Pulogalamu ya mayinayi sitinkaitseka. Chaka chatha wina anaitseka asanasunge, mayina makumi awiri anasowa. Tinapangana kuti izikhala yotsegula, madzulo tizingofunditsa kompyutayo chitenje.

"Bambo, ingondilembani ndi bolopeni," anatero Millicent.

"Obweretsa mbewu amalandira zosindikizidwa zokha," ndinatero.

Lachitatu ndinapalasa njinga mpaka ku boma kukaitana a Ivy, amene anatipangira pulogalamuyo. Anati ndikanangowaimbira foni. Ndinakhala pabenchi la pakhomo pawo mpaka anatenga chikwama.

Titafika anatsegula m'kati mwa pulogalamu, momwe mayina amasungidwa. Dzina la Millicent linalimo kale.

"Linalowa Lolemba lomwelo," anatero. "Kungoti mndandandawu umawerenga mayina kamodzi, pulogalamu ikamatsegulidwa. Munaitsegula liti?"

"Mu Malichi."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anaseka mpaka kupukuta misozi.

"Ine ndinkayesa mumatseka tsiku lililonse ngati anthu ena onse. Cholakwa n'changa."

Anawonjezera mzere umodzi wa malamulo pa batani losungira, wouza mndandanda kuti uziwerenganso mayina munthu akangosunga. Kenako anandipatsa mpando.

"Dinani nokha."

Chala changa chinachedwa pang'ono. Ndinadina. Sikirini inaphethira, ndipo pamene panali Dyna panaoneka Millicent.

"Muli bwino, bambo?" anafunsa a Ivy.

"Sindikizani," ndinatero.

Lachisanu dzina la mwana wanga linaitanidwa lachinayi. Millicent anadinda chala, nadzitwika thumba la mbewu. Atafika pakhomo anatembenuka.

"Mawa mulawire ndi khasu lanu. Mizere yakumunsi sindinamalize."

"Ndibwera," ndinatero.