Nsalu ya Pachifuwa cha Manueli

"Mtembo tinasambitsa ndife, tinaona ndi maso athu," anatero Abílio, mng'ono wake wa malemu Manueli. "Mwamuna amamera mabere ngati namwali? Nanga timabala ta pamimba tija, si mphini? Alamu, achimwene munawadyetsa chiyani?"

Linali tsiku lometa, ndipo abale anali atakhala pansi pa mtengo wa mango kwawo ku Mitande. Zulmira, mkazi wamasiyeyo, anangoyang'ana tsitsi lake lomwe linali mbwee pa dothi. Ankadziwa komwe nkhani ikulowera. Akapezeka kuti anakhwimira mwamuna wake, achoka pano ndi kapulana yokhayokha, chitenje cha m'chiuno basi, munda nkutsala m'manja mwa Abílio. Munda womwewo umene iye ndi Manueli anazula zitsa ndi manja atabwera kuchokera ku msasa wa othawa nkhondo ku Malawi, pomwe Abílio anali akadali ku Mangochi kudikira kuti amve ngati mabomba okwirira atha.

"Yankhani, mayi," anatero a Lino, amalume awo a malemu.

Ayankhe chiyani? Manueli anamulumbiritsa kuti asadzaulule za matenda ake. Zaka zonsezi anthu ankadziwa kuti mkuluyo amapita ku Cuamba kukagulitsa nyemba. Nyemba zake ziti! Ankakwera komboyo, sitima ya pamtunda ija, mpaka ku Nampula kukabayitsa jekeseni wa pamimba miyezi itatu iliyonse. Dokotala anawauza onse awiri poyera kuti ndi khansa ya abambo, ya pansi pa chikhodzodzo, ndipo imadya mphamvu yachimuna. Jekeseniyo amatseka mphamvuyo kuti matenda asowe chakudya. Anawachenjezanso kuti thupi lidzatentha mwadzidzidzi, chifuwa chidzatupa, mafupa adzafooka, za m'nyumba zidzazilala, koma asadzayerekeze kudumphitsa.

Manueli sanadumphitse. Koma manyazi, mayo! M'mawa uliwonse Zulmira ankamumanga chifuwa ndi nsalu yong'amba ku kapulana yakale, kenako malaya awiri pamwamba, ngakhale m'mwezi wa Okutobala. Ku bawo thukuta likamuyenderera ankati ndi malungo.

Ndiye lero wagona phee kumanda ndi ulemu wake wonse, manyazi wasiyira mkazi. Zulmira anamukwiyira mwamuna wakeyo kuposa mmene anakwiyira Abílio.

"Ndilibe mawu, amalume," anatero.

"Mwamvatu!" Abílio anawomba m'manja. Kenako anadzuka nkuzungulira kuseri kwa nyumba, ngati mmene anachitira kangapo chiyambire mlandu. Anthu anadikira. Anadikirabe. Wina anaseka nkunena kuti thobwa lachuluka.

Zulmira sanaseke. Kudikira kumeneko ankakudziwa bwino, anakudikirapo zaka zambiri. Analowa m'nyumba, natenga kanthu pansi pa mphasa, natulukira khomo lakuseri. Anamupeza Abílio pafupi ndi nkhokwe akumanga lamba, nkhope ili thukuta lokhalokha.

"Mkodzo umatuluka modontha, eti alamu? Ndipo mukamaliza mumamva ngati watsalira."

"Mwayamba kundilodza inenso?"

"Achimwene anu anayamba choncho."

Anamuuza zonse, za komboyo, za jekeseni, za mabere. Sanatsitse mawu kuti amunyengerere, sanalirenso. Lumbiro analiphwanya pamaso pa munthu mmodzi yekha.

"Bodza," anatero Abílio, koma mawu anali atachepa. "Akanandiuza. Ine ndi mng'ono wawo."

"Akuuzeni inu? Si inu munkawaseka ku bawo kuti anenepa ngati mayi woyamwitsa?"

Abílio anagwira mtengo wa nkhokwe. Kenako anafunsa, "Amapweteka jekeseniyo?"

"Mukanawafunsa ali moyo."

Atabwerera pansi pa mango, Abílio anakhala pansi mwaulesi. "Amalume, nkhaniyi ithere pompa. Alamu akhale, munda alime."

"Nanga za mankhwala zija?" anafunsa a Lino.

Zulmira anamuyang'anitsitsa Abílio. Mawu ochepa okha akanakwana: alamu sanalakwe, achimwene ankadwala. Abílio anayang'ana zala za kumapazi kwake.

"Tawakhululukira," anatero.

Kukhululukira! Azimayi anayang'anizana nkugwedeza mitu. Zulmira anadziwa kuti munda wautenga, koma kuchitsime adzamupatukira mpaka imfa, ndipo ana a eni ake adzaletsedwa kulandira chinangwa m'manja mwake. Magazi amodzi ndithu: wamkulu anabisala kuseri kwa mkazi, wamng'ono wabisalanso pomwepo.

Anthu atabalalika, Abílio ankakankha njinga yake kulowera kumsewu wa ku Mandimba. Zulmira anamuimitsa. Anafuna kuti angomusiya apite, akazionere yekha. Koma uwu unali uthenga wa munthu wakufa, sakanaukhalira.

"Sabata yomaliza ija achimwene anu anandichapitsa ichi," anatero, akutulutsa m'chiuno nsalu ija, yopindidwa bwinobwino. "Anati, 'Abílio akuchedwa kuseri masiku ano. Ndikapita umpatse, umuuze apite msanga kuchipatala. Pomanga asamakoke kwambiri, imabanikitsa.'"

Abílio anayang'ana uku ndi uku ngati pali womuona. Kenako analandira ndi manja awiri, naibisa m'kati mwa malaya.