Mphini Yotsala

Tsiku losudzula a Jailosi, anthu anakhala pansi pa mtengo wa mapeyala kuseri kwa nyumba ya malemu. Chiperoni chinali chitatsika m'phiri, ndipo aliyense ankafuna kuti mwambo uthe msanga akawothe moto. A Morris, mlongo wake wa malemu Malita, mkazi wa a Jailosi, ndiwo anali mwini mbumba. Analinso tcheyamani wa chipani kudera lonselo la kufupi ndi Milonde, choncho kuyankhula pagulu sikunkawavuta.

"Alamu, mwatisungira bwino mlongo wathu mpaka tamuika. Sitikukuthamangitsani ayi, koma mwambo mukuudziwa. Mkamwini akaferedwa timamumasula, apite kwawo akayambe moyo wina. Kodi chilipo chimene malemu anakusiyirani chosatha?"

Funso limeneli amangofunsa kuti mwambo ukwanire, ndipo wofunsidwa amati palibe. A Jailosi anayang'ana pansi. Kwawo kunali kutsidya kwa malire, kuseri kwa Milange, kumene anachoka ali mnyamata kudzagwira ntchito m'minda ya tiyi. Chaka chimenecho anthu a kumeneko ndiwo ankawoloka ku Muloza, mitolo ili pamutu, kuthawa nkhondo, ndipo za mudzi wawo zinkamveka kuti unatenthedwa. Ana awiri amene anabereka ndi Malita anagona m'manda a konkuno asanayambe n'kuyenda komwe. Panalibe mwana woti aimirire n'kunena kuti bambo anga asachoke.

"Chilipo," anatero a Jailosi.

Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi bokosi lothethereka m'makona. Malita ankachapa zovala kunyumba ya manijala wa esiteti, ndipo banja lija pobwerera kwawo, dona anamupatsa bokosi limeneli chifukwa mwana wawo analibe nalo chidwi. Pamwamba pake panali chithunzi cha chimunthu chachitsulo, chamapewa otambalala ngati denga la sitolo, chimene azunguwo ankachitcha loboti. M'kati munali tizidutswa ta pulasitiki tambirimbiri, tolumikizana ngati minga ya nsomba.

"Anati ndimumangire munthu uyu," anatero a Jailosi. "Sindinamange."

Anthu anaphulika kuseka, maliro kuiwalika. A Morris anaseka mpaka kupukuta misozi.

"Chidole, alamu? Ena amasiyirana mbuzi, inu munasiyirana chidole? Chabwino. Mawu a womwalira sitiwalumpha. Nonse mwamva: akamaliza chidolechi, m'pamene tidzawasudzule."

Amene sanaseke anali a Janeti okha, mkulu wake wa Malita. Mwana wawo Rosie ndiye ankadikira nyumbayo. Inali ya malata, ndipo mwamuna woti adzalowemo naye anali atapezeka kale.

Kumanga sikunavute, ndipo ndicho chinawaopsa a Jailosi. Zolemba za m'kabuku ka m'bokosimo zinali za chinenero chimene ngakhale aphunzitsi sakanawerenga, koma zithunzi zake zinali zomveka kwa munthu amene anakalambira mu wekishopu ya esiteti akukonza masikelo. Anadula tizidutswa ndi lezala, napala zipsera zake, namata. Sabata isanathe chimunthu chija chinaima pakhonde, kutalika kwake ngati botolo la Fanta, manja ali m'mbali. Anachiyang'ana ngati munthu woyang'ana basi imene yabwera kudzamutenga.

Kenako anayang'ananso chithunzi cha pabokosi. Pachithunzipo thupi lonse linali ndi mizere, pamene chitsulo chimakumana ndi chinzake, pamene pali kachitseko, pamene pali msomali. Chidole chawo chinali chosalala ngati dzira, kupatula timizere tochepa tosaoneka bwino.

"Sichinathe," ananena okha.

Anatenga singano ya makina osokera a Malita n'kuikhomera m'kamtengo ka nsungwi. Anadula kachidutswa ka chitini cha mkaka, nakawongola kuti kakhale kotsamira singano. Mzere uliwonse ankayamba kuujambula ndi pensulo. Akatero ankagoneka kachitini kaja, n'kukoka singano mopepuka, osakanikiza, ngati akungoisisita. Ulendo woyamba sipankaoneka kanthu. Ankabwereza, kubwerezanso, mpaka singano itapeza njira yake n'kuyamba kutulutsa kaufa koyera kamene ankakauzira ndi pakamwa. Munthu akafulumira singano imaterereka n'kusiya bala losafufutika. Mzere ukazama, ankasakaniza mwaye wa pansi pa poto ndi dontho la palafini, n'kupaka, n'kupukuta ndi kansalu. Mwaye unkatsalira m'kati mwa mzere mokhamokha, ndipo pulasitiki inkasanduka chitsulo.

Dzanja limodzi lokha la chidolecho linawatengera nthawi yonse yokolola nandolo.

A Morris ankadutsa pafupipafupi, njinga akukankha, mabuku a makadi a chipani ali m'chikwama.

"Odi kuno! Ali bwanji akazi anu atsopanowa? Aphika?"

"Ali bwino."

"Koma ndiye mumawakonda, alamu. Mlongo wanga simunkamusisita chonchi. Chatha?"

"Sichinathe."

"Chaima ndi miyendo iwiri, mutu uli pakhosi. Mukufuna chiyambe kuyankhula?"

A Jailosi ankangoloza chithunzi cha pabokosi, n'kulozanso mwendo wosalala. A Morris ankapukusa mutu n'kumapita. Mawu aja anawanena okha pamaso pa anthu, ndipo tcheyamani sangameze mawu ake chifukwa cha chidole.

Mvula yoyamba itagwa, nthabwala zinachepa. Rosie anayamba kudutsa pabwalopo osapereka moni, ndipo mimba yake inali itayamba kuoneka. A Jailosi anasiya kupita kumsika wa Milonde, kuopa kuti pobwera angapeze katundu wawo ali panja. Kutchalitchi anasiyanso. Dziko lawo linatsala khonde, mpando wa ndalema, ndi kuwala kwa dzuwa kumene ankakutsatira kuchokera mbali ina ya khonde mpaka ina, poti maso awo sankaonanso mzere kukachita mthunzi. Akakweza mutu ankaona phiri litatseka kumpoto ngati chipupa, ndi njira yopita kumsewu, imene nthawi zina munkadutsa anthu a tsidya lija, ana ali kumsana, osadziwa kumene agone.

Anayamba kudula mizere imene pachithunzi panalibe. Anaika timabokosi kumsana, timadontho ta misomali m'mphepete mwa mapewa, tizitseko m'mawondo. Anadula ngakhale pansi pa mapazi, pamene sipadzaona munthu. Tsiku lina, pantchafu, anayandikitsa mzere pafupi kwambiri ndi unzake, singano inalowa n'kuboola. Anakhala nthawi yaitali akuyang'ana kabowoko. Kenako anakazunguliza bwinobwino kuti kaoneke ngati anachita dala. Koma anadziwa kuti pulasitiki yatopa, ndipo malo atha.

A Morris anabwera opanda njinga tsiku limenelo, ndipo sanaodire. Anakhala pa njerwa, natenga chidole m'manja mwa a Jailosi, nachitembenuza uku ndi uku.

"Alamu, tiyankhulane ngati akuluakulu. Ine anthu akundiseka. Akuti tcheyamani wagonja kwa mwana wa pulasitiki. Mwana wa mlongo wanga achira posachedwa, mwamuna wake akugona m'khitchini mwa apongozi ngati mphaka. Inuyo mukuona kuti n'zabwino?"

"Ayi."

"Nanga?"

A Jailosi anayang'ana chidole chili m'manja mwa a Morris.

"Ine sindikufuna zoipa. Koma mukudziwa kuti anyamata achipani akufunsa m'midzi muno za anthu obadwira tsidya, kuti onse azikakhala kukampu ya othawa nkhondo. Ine ndimati kuno kulibe. Pakamwa panga patopa, alamu."

"Khadi ndili nalo."

"Khadi ndinakugulitsani ndine, ndikudziwa." Anatembenuzanso chidole. "Taonani, paliponse mwalemba, ngati mwana wa sukulu wopanda kope. Yatsala nkhope yokha. Loweruka ndiitana anthu."

Zinali zoona. Nkhope ankailambalala kuyambira pachiyambi. Inali kachidutswa koyera, kakang'ono ngati chikhadabo cha chala chachikulu, kopanda mphuno, kopanda pakamwa, maso okha awiri obiriwira. Pachithunzi panalibe mzere uliwonse pankhopepo. Akanatha kunena kuti chatha kale, kapena kudulapo kamzere kamodzi n'kupereka.

M'mawa mwake anakhala pakhonde, nanola singano pamwala. Pensulo sanaigwire, kachitini kaja sanakatole. Anatsamiritsa dzanja pabondo, nayamba pa tsaya lamanzere: timizere titatu tating'ono, totsetsereka kulowera kukhutu. Tsaya lamanja chimodzimodzi. Pamphumi, kamodzi koimirira pakati pa maso, ndi tiwiri tokhala ngati phazi la nkhuku. Sanachite kuganiza. Nkhope imeneyo anaiyang'ana zaka zonse za ukulu wawo, ikuseka, ikukalipa, ikugona, ndipo pomaliza ili m'bokosi la maliro. Zinali mphini zimene Malita anatemedwa ali namwali, monga ankachitira akazi achilomwe a nthawi imeneyo. Anapaka mwaye, napukuta. Ataimika chidolecho patebulo, anatuluka kukaima kuseri kwa nyumba, ndipo anachedwako.

Madzulo anamanga katundu: bulangete, malaya a kutchalitchi, chikwanje, kapu. Zonse zinakwana m'thumba limodzi la feteleza.

Loweruka anthu anasonkhananso pansi pa mtengo wa mapeyala, ochuluka kuposa poyamba, poti aliyense ankafuna kuona chidole chimene chinaimitsa mwambo. Nkhuku yoti awapatse powamasula inali itamangidwa miyendo pambali. A Jailosi anapereka chidole kwa a Morris.

"Chatha?"

"Chatha."

"Mwamva nonse! Mwini wake wanena yekha."

Chinayamba kuyenda m'manja. Amuna ankachiyandikitsa kumaso n'kuimba mluzu, ena ankafunsa ngati timizereto anagula tili choncho. Chitafika kumphasa ya amayi, phokoso linayamba kuzirala. Mayi wina wachikulire anagwira pakamwa napatsira mnzake msanga. Pomaliza chinafika kwa a Janeti.

A Janeti anachigwira ndi manja awiri. Pamasaya awo okwinyika panali timizere tomweto, titatu uku, titatu uku. Iwo ndi Malita anatemedwa tsiku limodzi, ndi mayi mmodzi, atagwirana manja. Anayendetsa chala pa kankhope kaja. Anayang'ana thumba la feteleza lili pakhomo, anayang'ana Rosie, amene anaweramitsa mutu.

"Sichinathe ichi," anatero.

"Achemwali, musayambe," anatero a Morris. "Mwini wake wati chatha."

"Mwini wake ndi amene tinamuika uja. Awa ndi antchito chabe. Malita anali ndi mphini ina. Palibe apa."

A Jailosi anakweza mutu. Nkhope ija ankaidziwa kuposa chikhatho chawo.

"Panalibe ina, alamu."

"Tamverani bambo awa! Mukundiuza ine? Potemedwa munalipo inu? Magazi ake anagwera pa chitenje changa. Mwaiwala, alamu. Amuna ndinu otero, mumayang'ana mkazi zaka zonse osamuona."

Amayi anaseka chapansipansi. A Morris anaimirira.

"Ndiye auzeni pamene inali, adule pompano tione. Singano ili m'thumba mwawomo."

"Ndikawauza ndiye kuti ndamaliza ndine. Kodi Malita anatuma ine? Akumbukire okha. Kapena iwe Morris ukuikumbuka, unene?"

A Morris anatsegula pakamwa, nayang'ana chidole, nayang'ana masaya a mlongo wawo. Anali mwana wamng'ono nthawi imeneyo, ndipo kunena kuti sakudziwa nkhope ya mlongo wawo sakanatha.

"Nanga Rosie?" anafunsa, mawu atatsika. "Achirire m'khitchini?"

"Rosie alowe m'nyumbamo lero," anatero a Janeti. "M'khitchini mwangamo mutuluka mkamwini wamng'ono, mulowa wamkulu. Chitseko chilipo. Akakhale mmenemo mpaka atakumbukira." Anatembenukira kwa mdzukulu wawo wina wamkazi amene anali pomwepo. "Iwe, tamasula nkhukuyo, yavutika."

Anthu anabalalika akung'ung'udza, ena akuseka. A Morris anachoka osatsanzika. A Janeti anabwezera chidole m'manja mwa a Jailosi, ndipo pochita zimenezo sanawayang'ane m'maso.

"Musafulumire, alamu," anatero motsitsa. "Mwamva? Singano ija imaterereka."

Khitchini ya a Janeti inali yaudzu, yakuda ndi utsi, yopanda zenera, ndipo munthu wamtali sakanaimamo mowongoka. A Jailosi anaika thumba lawo pakona, nakokera mpando pakhomo pamene pankafika dzuwa. Ali pomwepo ankaona Rosie ndi mwamuna wake akulowetsa mphasa m'nyumba ya malata, akutsegula mazenera amene iwo anapala ndi manja awo.

Anatulutsa singano. Anayang'ana kankhope kaja, masaya, mphumi, ndi kachibwano kosalala kamene kanatsala. Anayesa kukumbukira ndithu, poti mwina a Janeti ankanena zoona. Anamuona Malita akutembenuka pa chitsime, anamuona akuweramira makina osokera. Pachibwano panalibe kanthu.

Anagwira singano pamwamba pa malowo, osakhudza, mpaka mthunzi wa denga unafika pamawondo awo. Kenako anaikulunga m'kansalu, naisunga kuti adzaitulutsenso mawa.