Chithunzi Chopita ku Joni

"Mwanayo ayang'ane kunyanja, mayi," anatero Fanuelo wojambula zithunzi, diso lili pa kamera, njinga atayedzeka pa thandala la matemba.

Mwajuma anadziwa chimene bamboyu ankazemba kutchula. Mwana wake Falida anabadwa ndi mlomo wong'ambika mpaka m'mphuno, ndipo madokotala a ku Blantyre anausoka mpunga usanache. Ntchito anaigwiradi anthu aja. Komabe kumanzere kunatsala chipsera, mphuno ya mbali imeneyo inali yophwatalala pang'ono, ndipo mwanayo akaseka mlomo unkakwera mbali imodzi. Kuyang'ana kunyanja kukanabisa zonsezo.

Chithunzicho chinali chopita kwa Rajabu, bambo a mwanayo, amene anapita ku migodi ya ku Joni Falida akadali wofunditsidwa nsalu kumaso pobisa mlomowo. Nkhope yatsopanoyi anali asanaione. Amuna ambiri a m'mbali mwa Chilwa anatchona kumeneko, ndipo Mwajuma ankaopa kuti wakenso, pokumbukira mlomo uja, sadzabwera.

Mlamu wake Hadija anagwirizana ndi wojambulayo. Anati achimwene ake ndi munthu wa mtima wochepa, choncho ayambe aona mbali yabwino.

"Ngakhale pa msika wa Songani nsomba zonona timaika pamwamba, alamu," anatero akuseka.

"Mwana wanga si matemba," anayankha Mwajuma.

Anagwada n'kumukonzera Falida kolala ya diresi. Ankamuyang'ana mwana amene kale mkaka unkamudontha pachibwano, amene amayi oyembekezera ankamuthawa pachitsime. Lero ankamwa thobwa m'kapu osataya, mpaka kulimbana ndi anzake kuimba likhweru. Mtima wa Mwajuma unadzaza ndi kuthokoza, ndipo anachita manyazi kuti anatsala pang'ono kubisa ntchito yabwino chotere ngati katundu wakuba.

Anamugwira mapewa n'kumulunjikitsa ku kamera. Fanuelo anang'ung'udza kuti iye wachenjeza, asadzamunene kuti sadziwa kujambula. Hadija anafunsa chapansipansi kuti nanga achimwene akakhumudwa zidzatha bwanji.

"Akabwera adzamupeza chonchi," anatero Mwajuma. "Akafuna kutchona, atchone atamuona mwana wake yense. Ine Mulungu ndamuthokoza kale."

Hadija anangovula ndolo zake n'kumuveka mwanayo, kenako anaima kumbuyo kwa Fanuelo n'kuyamba kuvina mwachibwana kuti amuseketse. Falida anaseka ndi pakamwa ponse, mlomo utakwera mbali imodzi, ndipo Fanuelo anajambula.