Mkono Wogenda Anyani

Sukulu ya pulayimale itakhala yaulere, Fyness anabwerera mu Sitandade 5 ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Zaka zapakatizo anazithera pansanja m'munda wa bambo ake, m'tsinde mwa phiri la ku Nazombe, akupirikitsa anyani ndi miyala. M'kalasi ankaposa aliyense msinkhu, ndipo ana, pokhala ana alibe chisoni, anamupatsa dzina loti Amayi a Kalasi.

Pasukulupo mlendo wina wa ku Japan anali atasiya thumba la zibonga, magolovesi ndi timipira touma gwaa. Masewerawo ndi besiboli: wina aponya, wina amenya ndi chibonga, wachitatu anjuta kumbuyo kwa womenyayo n'kumawakha. Anzake anayamba kuponya kalekale ali tiana. Fyness anayamba dzulodzuloli, aphunzitsi a Malumbo atamuona akugwetsa mango atatu ndi mwala umodzi.

Mphamvu zokha, eee, zinalipo! Vuto linali loti mkono wake unazolowera kugenda. Chilichonse choima kutsogolo kwake chikugwedera, mpira unkapita pomwepo. Lolemba lina unamupeza Tikondwe m'nthiti, kamtsikana kochepa thupi, mpaka kanagwa pansi mpweya utabanika.

M'mawa mwake mayi a Tikondwe, a Belita, anafika nsalu ili m'chiuno.

“Mwatenga chimunthu chonsechi kuti chizitiphera ana? Osakakwatiwa bwanji?”

A Malumbo anawapepesa, kenako anamuitanira Fyness pambali. “Lachisanu tikusankha timu. Ukangomenyanso mwana, ine ndilibenso pokuikira kumbuyo.”

Fyness anachita mantha kwambiri. Pabwalo pokhapo ndi pamene anthu ankamuitana dzina lake lenileni. Akamuchotsa pamenepo, ankadziwa kuti m'kalasi muja sadzalowamonso, ndipo malume ake anali atayamba kale kutchula za mwamuna wina wogula nandolo.

Violet, mtsikana amene ankawakha mipira yake, anamupeza atakhala yekha kuseri kwa kalasi.

“Achemwali, kodi anyani aja mumangowagenda onse?”

“Ayi, iwe. Wobereka mwana kumsana sitimugenda. Pali chitini chimene bambo anapachika pamtengo. Ndimagenda chimenecho, chikalira iwo n'kuthawa.”

“Ndiye mumachiphonya?”

“Ine? Ngakhale pali nkhungu.”

Violet anaseka mpaka kugwira m'mimba. Tsiku lomwelo anakatola chitini cha mafuta ophikira, n'kuchigwira ndi golovesi atanjuta. Masiku awiri athunthu bwalo linangomveka ngwee, ngwee, ngati pali wokhoma ndowa. Chitinicho chinaphwanyika mpaka kukhala chaphwatalala.

Lachisanu chitini panalibe, malamulo salola. A Belita anabwera osaitanidwa, n'kuima pansi pa mtengo manja ali pachifuwa. Ndiye taonani tsoka lake: woyamba kugwira chibonga anali Tikondwe yemweyo.

Fyness anatenga mpira. Maso ake ankangothamangira pa kamtsikanako, pa nthiti zomwe zija. Pomwepo Violet anamenya golovesi yake ndi chibakera n'kukuwa ndi pakamwa, “Ngwee!”

Fyness anayang'ana golovesiyo, naponya. Mpira unalowa phaa, Tikondwe atatsinzina. Wachiwiri chimodzimodzi, koma ulendo uno kamtsikanako kanatsegula maso. Pa wachitatu, Tikondwe anaponda pansi molimba, nazunguza chibonga. Khoo! Mpira unauluka kupitirira onse, mpaka m'chinangwa cha aphunzitsi aakulu.

Woponya aliyense akamenyedwa chotero amakwiya. Fyness anangokhala pansi pafumbi pomwepo, akuseka misozi ili mbwee. Mtima wake unakhala m'malo koyamba chiyambire sabata. Mwana anali wamoyo, akuthamanga kuzungulira bwalo, anzake akumuimbira m'manja.

A Malumbo analemba kenakake m'kope mwawo. A Belita ndi amene anatuluka pansi pa mtengo paja. Anaima pafupi ndi Fyness, namuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

“Iwe Fyness,” anatero, “dzuka apo, ukudetsa yunifomu. Lolemba uvala chiyani?”