Kansalu ka pa Rauta

Rauta ya Mzime inali ndi khalidwe loipa. M'mawa inkagwira ntchito mwaulemu, koma dzuwa likangokwera, kanyale kake kobiriwira kankasanduka kofiira, intaneti n'kuduka. Ndiye taganizani, ntchito ya Mzime ndi yoyankha makasitomala a kampani ya inshuwalansi ali pakhomo, mahedifoni kumutu. Munthu ali pakati pofotokoza za galimoto yake yogundidwa, mawu zii. Abwana anali atanena kale mosapsatira kuti zikapitirira abwerere ku ofesi. Kubwerera ku ofesi kukanatanthauza kuwasiya amayi ake okha tsiku lonse, pomwe chidwalireni sitiroko mwendo unkakoka ndipo dzanja lamanja linali lisanabwerere bwino.

Dzanjalo ndi limene adokotala anati lisamakhale chabe. Amayi anatola singano yolukira imene anaisiya kalekale, n'kuyamba kulimbana ndi ulusi. Poyamba zinkatuluka zopindikapindika, iwo n'kumasula, n'kuyambiranso, lilime lili panja ngati mwana wophunzira kulemba. Pang'ono ndi pang'ono nyumba inavala. Wailesi ya kanema inalandira kansalu kake, mipando, ngakhale pamwamba pa filiji. Ka pa rauta ndi kamene kanawavuta kwambiri, chifukwa anafuna kuti kakwane thupi lonse komanso kasiye mipata ya tinyanga tiwiri tija. Atamaliza anamuitana Mzime kuti adzaone, ndipo iye anawombera m'manja.

Za intanetiyo Mzime anayesa zonse zimene anthu amalangiza. Anazimitsa n'kuyatsanso. Anasintha chingwe. Anaisamutsira pamwamba pa kabati, kenako anabaya kabowo kakumbuyo ndi phini mpaka pasiwedi kufufutika. Nthawi zonse ankavula kansaluko, n'kuchita zochitazo, n'kukabwezera bwinobwino. Rauta ikapuma kanthawi inkadzuka yofatsa, kenako n'kuyambiranso matama ake. Mtsikana woyankha foni kukampani ya intaneti ndiye anamva zosayenera kumva. Mzime, munthu wodziwa kuwawa kwa kulalatiridwa pafoni, anamulalatira mnzakeyo mpaka kumuuza kuti onse kumeneko ndi mbava zovala mataye.

Mmisiri wa kampaniyo anafika masana, thukuta lili kamukamu. Mzime anamulandira ndi nkhope yokonzekera ndewu. Bamboyo sanatsegule n'komwe chikwama chake. Anakweza kansalu kaja ndi zala ziwiri, n'kuika dzanja pa rauta, n'kulichotsa msanga.

"Tagwirani apa, mayi," anauza Mzime.

Inali yotentha ngati ayironi.

"Timabowo iti ndi topumira," anatero, akubisa kuseka. "Ikatenthedwa imadzizimitsa yokha kuti isapse. Ndiye inu mwaiveka juzi, kutentha konseku?"

Mzime anakumbukira mawu onse amene anamukhuthulira mtsikana uja, ndipo manyazi anamugwira mpaka m'makutu. Tsono manyazi akakula amafuna wina womusenzetsa. Anaseka mokweza kuposa mmisiriyo.

"Si ine, bambo, ndi amayi anga. Mukuwadziwa anthu akuluakulu akasowa chochita. Taonani nyumba yonseyi, aisandutsa sitolo ya zoluka. Nanenso ndikangokhala phee andilukira chovundikira. Ntchito yanga yatsala pang'ono kutha chifukwa cha zidole zimenezi."

Mmisiri sanaseke. Maso ake anali kumbuyo kwa Mzime. Pakhomo la kukhitchini panaima amayi, atagwira kapu ya madzi ndi manja awiri.

"Imwani, bambo, mwayenda padzuwa," anatero. "Pepani, mwavutika ulendo chifukwa cha ine."

Bamboyo analandira ndi manja awiri, n'kumwa onse. Ananena motsitsa kuti zimachitika m'nyumba zambiri, ndipo kansaluko n'kokongola, kangosowa malo ake. Anapukuta fumbi m'timabowo, anadikira kanyale kabiriwire, n'kutsanzika mofulumira ngati wathyola kanthu.

"Amayi," Mzime anayamba. Pa kompyuta foni inalira. Inali nthawi ya ntchito, ndipo abwana amaona foni iliyonse yosayankhidwa. Anavala mahedifoni n'kupereka moni wansangala uja amene anamuphunzitsa.

Kasitomala anali bambo wa nkhani yaitali, denga la shopu yake litasasuka ndi mphepo. Mzime ankavomera, "Ndamva, bambo, pitirizani," maso ali pabalaza. Amayi anayamba ndi wailesi ya kanema. Anachotsa kansalu kake, n'kukapinda. Anakoka mwendo kupita kumipando, n'kuchotsa tonse. Ka pa filiji kanawatalikira, mpaka anachita kukakokera pansi ndi ndodo yawo. Kenako anakhala pampando, anatenga ka pa rauta kaja, n'kufufuza mfundo yomalizira ndi mano. Ulusi unayamba kumasuka, mzere ndi mzere, iwo akuukulunga pa zala za dzanja lodwalalo. Sankalira ndipo sanayang'ane kwa mwana wawo.

Mzime anafuna kuvula mahedifoni, kugwada pamiyendo pawo, kuwagwira manja. Bambo wa denga anali asanafike n'komwe pa malata. Mzime anayang'ana pamwamba pa kabati, akupempha mumtima kuti intaneti iduke kamodzi kokha, apeze podzukira.

Kanyale kanali kobiriwira. Mawu a kasitomala ankamveka bwinobwino, ndipo anamveka choncho mpaka kansalu konse kanatha.